Chaka chimene Si Jiahui analibe khadi

Ndatha miyezi isanu ndi iwiri ndikuphunzira snooker, masewero ogwetsera mipira m'mabowo a tebulo pogwiritsa ntchito ndodo, ndipo ndili ndi kope limene ndimalembamo zimene ndalakwitsa tsiku lililonse. Kumapeto kwa kopelo ndinasiya masamba oti ndizilembamo za osewera amene ndikuwatsatira. Masamba ambiri atengedwa ndi mnyamata wa ku China, Si Jiahui.

Poyamba ndinkaganiza kuti kukhala katswiri ndi nkhani ya luso basi, ukadziwa kugwetsa mipira anthu akuitana okha. Ayi ndithu, pali khomo, ndipo ndi lopapatiza. Mipikisano ya World Snooker Tour imakhala ndi malo pafupifupi 128, ndipo wolowa kumene amapatsidwa khadi la zaka ziwiri. Zikatha zakazo, amene ali pakati pa 64 oyambirira pamndandanda ndiye amapuma bwino. Ambiri mwa otsalawo amabwerera kukalimbirananso khadi, kaya ku Q School, mipikisano yolimbirana makhadi imene inayamba mu 2011, kaya ku mipikisano ya osewera opanda khadi. Mndandandawo amauwerengera ndalama zimene munthu wapata m'mipikisano pa zaka ziwiri. Ndiye taganizani mwana wongofika kumene, m'thumba mulibe kanthu, akukumana ndi akuluakulu amene akhala patebulo zaka makumi awiri.

Si anabadwa mu 2002 ndipo analowa m'gulu la akatswiri mu 2019. Pofika 2021 khadi linali litamuthera m'manja. Ine apa ndi pamene ndinaima nthawi yayitali, chifukwa nkhani za osewera achinyamata timakonda kuzimva ngati makwerero ongopita m'mwamba. Timakumbukira Ronnie O'Sullivan amene anakhala katswiri mu 1992 ali ndi zaka 16, n'kutenga UK Championship chaka chotsatira. Koma a mtundu umenewo ndi angati?

Mu November 2021, ku York, Si analowa mu UK Championship ngati wongodzaza malo, wopanda khadi. Anakumana ndi Shaun Murphy, amene anali katswiri wa dziko lonse mu 2005, n'kumugonjetsa mafulemu 6-5 (fulemu ndi chigawo chimodzi cha masewero). Murphy zinamuwawa kwambiri moti anadandaula poyera kuti osewera opanda khadi asamaloledwe m'mipikisano ya akatswiri, poti kwa iye imeneyi ndi ntchito yodyetsa banja pamene mnzakeyo analibe choti angataye. Ululu wake ndimaumvetsa, koma sindigwirizana naye. Munthu amene wangolandidwa khadi, ali kutali ndi kwawo, sakudziwa ngati adzabwereranso, tinganene bwanji kuti alibe chotaya? Kumayambiriro kwa 2022 Si anapambana mpikisano wa World Snooker Federation ku Sheffield, khadi n'kubwerera.

Zimene zinachitika mu April 2023 ku Crucible Theatre, pa mpikisano wa dziko lonse wa World Championship, ndaziwonera mobwereza mpaka mbali zina ndaziloweza. Anali ndi zaka 20, ali pa nambala 80 padziko lonse, atadutsa m'masewero achipulula. Woyamba kukumana naye anali Murphy yemwe uja, ndipo anamuposanso ndi fulemu imodzi, 10-9. Kenako Robert Milkins 13-7, Anthony McGill 13-12. Mu semifayinolo anatsogola 14-5 pokumana ndi Luca Brecel wa ku Belgium, kutsala mafulemu atatu okha kuti afike mu fayinolo. Brecel anatenga mafulemu 11 motsatizana, masewero n'kutha 17-15. Ndikamaonera gawo limenelo sindiyang'ana Brecel. Ndimayang'ana Si atakhala pampando wake, ndodo ili m'manja, akudikira mwayi umene sukubwera. Mu snooker mnzako akakhala patebulo palibe chimene ungachite, sungamutchinge, sungamufulumizitse. Umangokhala ndi maganizo ako.

Zimenezi zasintha mmene ndimaphunzirira. Kale ndinkafika patebulo n'kuyamba kuthamangitsa mipira yovuta yakutali, chifukwa ikalowa mtima umakoma. Bambo wina wachikulire amene timasewera malo amodzi anandiyang'ana tsiku lina n'kunena kuti, “Mwanawe, wofiirawo walowa, nanga woyerawu waupititsa kuti?” Ndinayang'ana. Mpira woyera unali utakakamira kukhoma la tebulo, wakuda uli kutali, palibe poyambira. Ndinapeza pointi imodzi m'malo mokonza njira ya mapointi asanu ndi atatu (imodzi ya wofiira, asanu ndi awiri a wakuda).

Kuyambira tsiku limenelo ndimandandalika mipira yofiira pamzere wapakati pa tebulo, n'kumagwetsa wofiira, wakuda, wofiira, wapinki, ndipo ndisanamenye ndimasankha kaye kamalo kamene woyera akaime, kosaposa chikhatho changa. Kumenya pansi pang'ono pa pakati kuti abwerere, pamwamba kuti atsatire. Kupaka choko kunsonga nthawi iliyonse, chibwano pandodo, mutu osadzutsa mpaka mpira utafika. N'zotopetsa, ndipo masiku ena dzanja limakana kumvera. Tebulo lake ndi la mafiti 12 m'litali ndi 6 m'lifupi, kotero kalakwitsidwe kakang'ono kunsonga kwa ndodo kamakula kakafika tsidya linalo. Break yanga yayikulu, kutanthauza mapointi amene ndapeza ulendo umodzi osaphonya, mpaka lero ndi 31. Si anapanga 147, imene imafuna ofiira 15 aliyense ndi wakuda wake kenako mitundu yonse isanu ndi umodzi, pa Wuhan Open mu 2024 akusewera ndi Judd Trump.

Mwezi wathawu ndinagonja masewero anayi otsatizana pakampikisano kathu kakang'ono, ndipo kwa sabata yathunthu kope sindinalitsegule. Manyazi anandigwira. Nditalitsegula ndinayamba ndi masamba akumapeto aja, ndipo ndinaona kuti pa chaka cha 2021 ndinangolemba mawu awiri okha, “anataya khadi”, n'kudumphira ku Crucible. Chaka chimene ankasewera pokhapokha malo akatsala ndinachidutsa ngati mulibe kanthu, chonsecho ndi mmene anagonjetsera Murphy koyamba. Ndabwerera pa tsambalo n'kulidzaza. Kenako ndinatsegula tsamba latsopano n'kulemba mafulemu onse amene ndinaluza, limodzilimodzi, ndi pamene mpira woyera unaima nthawi iliyonse imene ndinasiyira mnzanga tebulo. Pa malo khumi ndi anayi amene ndinakumbukira, asanu ndi anayi unali kukhoma.