Musanapite kukadya sushi ku Toyosu, onani kalendala

Msika wa nsomba wa Toyosu ku Tokyo, ku Japan, sutsegula Lamlungu, ndipo masiku ena a Lachitatu umakhalanso wotseka. Kalendala yake ili pa intaneti, muione nokha. Ife bambo wina woperekeza alendo anatilipiritsa ndalama zambiri, n'kutidzutsa kusanache, n'kutitengera kumeneko Lachitatu lotseka. Tinapeza kuli zii. Ya takisi inapita, tulo tinaluza, tsiku lonse linawonongeka, iwo n'kungoti pepani basi, osabweza ngakhale yen imodzi. Munthu amene ntchito yake ndi yomweyo angalephere bwanji kudziwa tsiku lotseka? Mpaka pano zimandiwawa.

Titabwererako tokha zinayenda. Okushoni ya nsomba za tuna imachitika m'mamawa kwambiri, ndipo sitima za ku Tokyo siziyenda usiku wonse, ndiye gonani pafupi kapena konzekerani takisi. Malo oonerera pafupi amachita maere, mumalembetsa pa intaneti mwezi umodzi pasadakhale. Mukapanda mwayi mumaonera pamawindo a m'mwamba, osalipira.

Ndikanaiwala, musapite ku Tsukiji, komwe kunali msika wakale, kukafuna okushoni. Inasamukira ku Toyosu mu Okutobala 2018, kwangotsala timashopu ndi malo odyera.

Kenako ndi mzere wa pamalo odyera sushi (timibulu ta mpunga tokhala ndi nsomba yaiwisi pamwamba), wautali ndithu, koma pirirani. Mukakhala pakauntala nenani kuti omakase, wokonza sushi akusankhireni yekha zomwe zili bwino tsikulo. Akakuikirani chidutswa idyani pompo, mpunga usanazizire. Kudya ndi manja n'kololedwa. Mu sosi wa soya muviike nsombayo, osati mpunga, chifukwa umamwazika. Jinja amene amakuikirani pambali ndi wotsukira m'kamwa musanalawe nsomba ina.

Kudya mwachangu kotereku n'kwakale. Sushi woumba ndi manja uyu anatchuka m'zaka za m'ma 1820 mzinda wa Tokyo ukutchedwabe Edo, amati anamuyambitsa ndi Hanaya Yohei, ndipo chinali chakudya cha anthu ofulumira. Kale kwambiri nsomba ankaithira mchere n'kuikwirira mumpunga kwa miyezi kuti isawonongeke, ndipo inkawawasa. Viniga anabwera pambuyo pake kuti kuwawasa kuja kupezeke osadikira. Nditalawa tuna wonona wa kumeneko ndinamvetsa chifukwa chake anthu amaima pamzere kusanache.

Tengani ndalama za m'manja, ndipo musasiye yapamwamba patebulo, ku Japan sachita zimenezo. Kalendala ija muione nokha, musadalire woperekeza alendo.