Kuchokera ku Lifuwu mpaka m'kalasi ku Chanco: mmene ndinayendera

Mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akatuluka, kumudzi kumamveka nthungululu, ndipo anthu amaona ngati nkhani yatha. Ine ndikuti ntchito imayambira pamenepo. Pakati pa tsiku limene dzina lako laoneka pamndandanda ndi tsiku limene wakhala pansi m'kalasi pali mafomu, zidindo, ndalama ndi maulendo, ndipo anzanga angapo a kuno kunyanja anavutikira pamenepa kuposa mmene anavutikira ndi mayeso. Ndikulemba mmene ndinadutsiramo ine, kuchokera kwathu ku Lifuwu m'boma la Salima mpaka ku University of Malawi ku Zomba, kuti iwe amene uli Fomu 4, kaya uli ku Chipoka, kwa Khombedza kapena ku Thavite, udziwiretu.

Zonse zimayambira pa kapepala ka zotsatira za MSCE kochokera ku MANEB, kamene umakatenga kusukulu kumene unalembera. Magiredi amayambira pa 1 mpaka 9. Wapeza 1 kapena 2 ndiye kuti wakhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangodutsa, 9 walephera. Yunivesite imafuna makirediti asanu ndi limodzi, ndipo imodzi mwa iwo ikhale ya Chingerezi. Apa mpamene ambiri a m'masukulu oyendera amagwera. Mnyamata wina amene tinkakhala naye desiki imodzi anali katswiri wa Masamu, tonse tinkamufunsa iyeyo, koma Chingerezi anapeza 7, ndipo chaka chimenecho khomo linamutsekekera. Anabwereza, anakhoza, koma chaka chathunthu chinapita. Ngati mayeso sunalembe, Chingerezi usachisiye kumbuyo poti ndiwe wa sayansi.

Kapepala kameneka ndinakajambulitsa mafotokope angapo tsiku lomwelo ku Kamuzu Road, n'kugula envulopu yapulasitiki yokhala ndi batani. Mmenemo ndinkasunga chilichonse: zotsatira, malisiti, zithunzi zazing'ono za nkhope, chitupa cha unzika. Kwathu madenga audzu amadontha ndipo chiswe sichisankha pepala.

Kusankha ophunzira m'mayunivesite a boma kumadzera ku NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ukachenjede. Fomu ndi imodzi, koma maphunziro amene umasankhapo ali m'sukulu zisanu ndi imodzi: UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS ya zaumoyo, LUANAR ya zaulimi imene likulu lake lili ku Bunda, Mzuni ku Mzuzu, ndi MUST ku Thyolo. Akuluakulu akumudzi amatchulabe Poly ndi College of Medicine, ndipo sakulakwa kwenikweni, chifukwa mpaka 2021 sukulu zimenezi zinali nthambi za University of Malawi. Chaka chimenecho Poly inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo dzina la UNIMA linatsalira ku Chancellor College, kumene tonse timangoti ku Chanco.

Pa fomu imeneyi, malo amene amafuna mutu wozizira ndi osankha maphunziro. Ine ndinali nditalemba kale papepala za udokotala pamwamba, za mankhwala pachiwiri, zauinjiniya pachitatu, chifukwa ndi zimene zimamveka bwino ukamauza anthu pachitsime. Ndinapita nazo kwa aphunzitsi anga a Biology, amene anali atakhala pakhonde akuchonga makope. Anayang'ana pepalalo, n'kuyang'ana zotsatira zanga, n'kutenga cholembera chofiira.

"Iwe, waona zimene maphunziro awa akufuna?" anandifunsa.

"Ndaona mapointi, aphunzitsi."

"Mapointi okha ayi. Tawerenga apa. Awa akufuna Physics yamphamvu. Iwe Physics unapeza chiyani?"

Ndinali ndi 5. Anandifotokozera kuti maphunziro aliwonse ali ndi maphunziro ake a kusekondale amene amayang'anidwa, ndipo pampikisano amaona mmene unakhozera amenewo. Ukadzaza malo onse ndi maphunziro amene dziko lonse likulimbirana, uli ngati msodzi woponya khoka pamene mabwato onse aunjikana, chonsecho nyanja ndi yaikulu. Tinakhala madzulo onse tikuwerenga chikalata cha NCHE mzere ndi mzere. Tinasiya chimodzi cha maloto anga pamwamba, chifukwa anati munthu usadzimane wekha, koma m'munsimo tinaika za uphunzitsi wa sayansi ku UNIMA ndi zaulimi ku LUANAR, kumene Biology ndi Chemistry yanga zinali ndi mphamvu. Ndinasankhidwa ku uphunzitsi. Ndikadapanda kukhala pakhonde lija, bwenzi dzina langa lisanatuluke n'komwe chaka chimenecho, ndipo mpaka lero ndimawalemekeza bambo amenewa.

Zotsalazo ndi zosavuta koma zimafuna maso. Ndalama yofunsira malo umalipira motsata njira imene NCHE yalengeza chaka chimenecho, ndipo lisiti usalitaye. Dzina lilembedwe ndendende mmene lilili pa zotsatira za MSCE, nambala ya mayeso uyiwerenge kawiri. Nambala ya foni ikhale yako kapena ya munthu wapanyumba amene sasinthasintha simu. Ine zonse zofuna intaneti ndinkakachitira kuboma, chifukwa kwathu netiweki imabwera ndi kupita, ndipo sindinadikire sabata yomaliza.

Kenako kudikira. Miyezi imeneyi ndinaigwiritsa ntchito m'munda wa mpunga ndi amayi, ndiponso ndinatsegula akaunti kubanki m'dzina langa. Amene alibe chitupa cha unzika, nthawi yopita ku ofesi ya NRB kuboma ndi imeneyi, chifukwa kutsogoloku palibe chimene chimayenda popanda chitupacho.

Mayina atatuluka, ndinatenga kalata yondiitana kusukulu n'kuiwerenga yonse, osati ndime yoyamba yokha yokuyamikira ija. Tsiku lotsegulira, fizi, akaunti yolipirako, zoyenera kubweretsa, zonse zili mmenemo. Nditafika pa fizi ndinawerengera amayi mokweza. Sanayankhe, anangopitiriza kupeta mpunga.

Apa mpamene pamabwera nkhani ya ngongole. Boma lili ndi bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite, lotchedwa Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Ophunzira timangoti Loans Board. Zinthu zitatu ndikufuna uzimvetse. Kusankhidwa ndi NCHE sikutanthauza kuti ngongole wapeza, umafunsira payokha ndipo ili ndi tsiku lake lotsekera. Si onse ofunsira amene amapatsidwa. Ndipo ndi ngongole ndithu, udzabweza ukadzamaliza, kuti ena obwera m'mbuyo adzabwerekenso.

Fomu yake imafunsa za pakhomo panu: makolo ali moyo kapena ayi, amapeza bwanji ndalama, muli ana angati, sekondale unaphunzira kuti ndipo ankakulipirira ndani. Ndinalemba zoona zokhazokha. Bambo anamwalira ndili Sitandade 7, amayi amalima mpunga, fizi ya kusekondale ankathandiza atsibweni. Zimenezi zimafunika anthu okudziwa azitsimikizire, ndiye ulendo wa zidindo unayamba.

Kwa amfumu sindinapite ndekha. Mwana sangangotulukira pabwalo ndi pepala m'manja, choncho anandiperekeza atsibweni. Tinafika m'mawa dzuwa lisanatenthe, tinakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, atsibweni n'kuwomba m'manja.

"Zikomo amfumu, tabwera ndi mdzukulu wanuyu. Boma lamuitana ku sukulu ya ukachenjede ku Zomba, ndiye pali pepala lofuna dzanja lanu."

"Mwana wa malemu uja?" anafunsa amfumu akundiyang'ana. "Wakula. Tawerenga mwanawe, ndimve zimene ndikusayinira."

Ndinawerenga ndikumasulira m'Chichewa. Atakhutira anatuma mwana kukatenga chidindo, chimene chinabwera chitakulungidwa m'pepala la shuga. Anachiuzira mpweya, n'kuchidinda pamalo ake mosamala, n'kusayina pang'onopang'ono. Atatha anati, "Ukaphunzire, usakatichititse manyazi." Kuchoka apo ndinapita kwa ahedi a kusekondale kwathu, kenako ku maofesi a kuboma. Malangizo anga ndi akuti uwerenge fomu ya chaka chako kuti udziwe amene akufunika kusayina, upite m'mawa pakati pa sabata, ndipo usachoke pa ofesi usanaone kuti chidindo chili ndi deti ndi siginecha. Ukamaliza, jambulitsa fomu yonse usanaitumize.

Ngongoleyi ili ndi mbali ziwiri. Ya fizi imapita kusukulu molunjika, suigwira m'manja. Ya upkeep, yodyera ndi kulipira pogona, imalowa mu akaunti yako. Koma usanyamuke kwanu ndi thiransipoti yokha poganiza kuti ukaipeza ikukudikira. Uyenera kukhala ndi yako yoyambira masabata oyamba: lendi, chakudya, mafotokope, ndi gawo la fizi limene sukulu ingafune kuti ulembetse.

Ifeyo tinakhala pansi pabanja. Amayi anali atasunga matumba a mpunga osagulitsa nthawi yokolola, pamene mavenda amagula motchipa, ndipo anawagulitsa mtengo utakwerako. Anatenganso pang'ono ku banki m'khonde. Atsibweni anagulitsa mbuzi. Azakhali a ku Senga Bay anatumiza usipa wouma wodzaza ndowa. Ndikulemba izi chifukwa ena amachita manyazi kuitanitsa abale, n'kungokhala chete mpaka sukulu kutsegulira. Nenani msanga, anthu akonzekere.

Tsiku la ulendo ndinadzuka tambala woyamba. Njinga yamoto inandifikitsa ku Salima, ndipo pa Kamuzu Road ndinakwera minibasi yolowera kumwera mu msewu wa M5. Tinadutsa Chipoka, Golomoti, mpaka Balaka. Kumeneko ndinasintha galimoto, tinawoloka Shire pa Liwonde, n'kukwera mapiri a Machinga, kudutsa Domasi, kulowa mu Zomba dzuwa litapendeka. Nyamuka m'mamawa, chifukwa minibasi imadikira kudzaza ndipo si bwino kufika mumdima m'tauni imene sukuidziwa uli ndi thumba la mpunga pamutu. Ndipo tenga bulangete lenileni ndi juzi. Ife a ku Salima tinazolowera kugona pamphasa panja chifukwa cha kutentha, koma Zomba ili m'tsinde mwa phiri, ndipo mu June ndi July kumazizira mpaka mano kuguguda.

Malo ogona a pasukulu sakwanira onse. Ukapatsidwa malo ku hositelo, thokoza. Ine sindinapeze, ndiye ndinapita ku Chikanda, mudzi woyandikana ndi sukulu kumene ophunzira ambiri amachita lendi. Mtsikana wina wa chaka chachitatu wochokera ku Nkhotakota, amene aphunzitsi anga aja anandilumikiza naye, anandisunga usiku woyamba n'kuyenda nane m'mawa kufunafuna chipinda. Iyeyo ndi amene anandiletsa kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu wolonjeza chipinda pafoni. Pita ukaone wekha: chitseko chimakhomeka, madzi ali pafupi, magetsi mumalipira bwanji, usiku pochokera ku layibulale njira yake ndi yotani. Ndinapeza mesho, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, wa ku Dedza, tinagawana lendi, iye anabwera ndi mbatata ya kachewere ndi nyemba, ine mpunga ndi usipa, tinagula mbaula imodzi.

Kulembetsa kunali ndi mizere yake. Unayamba waonetsa kuti walipira, kenako kuonetsa zotsatira zenizeni za MSCE ndi chitupa, kulandira nambala yako ya pasukulu, kujambulitsa khadi, n'kulembetsa makosi a semesita pa intaneti. Nambala imeneyi uiloweze pamtima, chifukwa ndi imene umalemba pa ntchito iliyonse ndi pa mayeso. Sabata ya orientation usaijombe ngakhale ena akuuze kuti ndi yotaya nthawi. Ndi mmene ndinadziwira kumene kuli kiliniki, mmene amabwerekera mabuku, ndi ofesi ya Dean of Students, kumene umapita zinthu zikakuthina, kaya ndi ndalama, matenda kapena maliro kumudzi. Makonti, ophunzira opitiriza, adzakutchula kuti yearo, wa chaka choyamba, ndipo ena adzakuseka ukasochera, koma ambiri ukawafunsa mwaulemu amakulozera. Paja safunsa anadya phula.

Chimene chinandidzidzimutsa kwambiri ndi m'kalasi. Kusekondale kwathu aphunzitsi ankalemba manotsi pabolodi ife n'kumakopera. Kuno alekichara amalankhula, amaonetsa zolemba pakhoma, ola likatha amatuluka, ndipo m'makalasi a chaka choyamba mumakhala anthu ochuluka moti wokhala kumbuyo samva bwino. Ndinayamba kufika msanga kuti ndikhale kutsogolo. Palibe amene amakulondola ukajomba, palibe belu, palibe ahedi. Koma ntchito za mkati mwa semesita, ma assignment, timayeso tapakati ndi malipoti a ku labu, zimawerengedwa pamodzi ndi mayeso omaliza. Ukazichita mwaulesi umalowa m'chipinda cha mayeso uli kale m'dzenje. Ukalephera kosi pang'ono umalemba sapu, mayeso obwereza, ndipo ukalephera kwambiri sukulu ikhoza kukubwezera chaka kapena kukuchotsa, kumene ophunzira amati kuwididwa. Zimenezi zimachitikira ngakhale ana amene anakhoza bwino kwambiri MSCE, makamaka chaka choyamba, chifukwa cha ufulu umene sanauzolowere.

Chinandithandiza ndi gulu la anthu asanu limene tinkakumana madzulo kuseri kwa layibulale. Tinkafotokozerana Chemistry m'Chichewa mpaka aliyense amvetse, kenako n'kuilemba m'Chingerezi. Laputopu ndinalibe, ndinkalemba ntchito pamanja usiku n'kukataipa m'chipinda cha makompyuta m'mawa anthu asanadzaze. Alekichara ali ndi nthawi yoonana ndi ophunzira ku ofesi kwawo, ndipo ndinaphunzira kugogoda ndi funso lolembedwa kale papepala.

Zotsatira za semesita zimatuluka pa intaneti, pa akaunti yako ya pasukulu, choncho pasiwedi usaiwale ndipo usapatse munthu. Ukapita kutchuthi kumudzi uzitsegula foni kawirikawiri, chifukwa zilengezo za Loans Board za chaka chotsatira zimakhudzanso ophunzira opitiriza, ndipo masiku a sapu ndi olembetsa semesita yatsopano amalengezedwa iwe uli kumunda. Ine ndinapempha mesho wanga kuti chilichonse chikatuluka aziyimba pa nambala ya amayi, ine ndizichitanso chimodzimodzi kwa iye.