Galaji yathu ya ku Biwi inayamba ndi kamita kamodzi

Ndisanatsegule malo anga okonzera njinga zamoto ku Biwi, mumzinda wa Lilongwe, ndinali wothandizira makaniko wina amene ankakonza njinga za alangizi a zaulimi, makamaka za mtundu wa Yamaha AG zimene zimalimbana ndi misewu yafumbi ya ku Mitundu ndi ku Nsundwe. Kumeneko ndinaona kuti ambiri a ife timadziwa kumasula injini ndi kutsuka kabuleta, koma moto ukangosowa pa pulagi timayamba kusintha zipangizo mongolota, uku ndalama za mwini njinga zikutha. Zimenezi zinkandiwawa mumtima. Choncho ine ndi mlamu wanga titasonkherana kangachepe, tinayamba tagula kamita koyezera magetsi, masipanala n'kubwera pambuyo.

Njinga zimenezi zimadzipangira zokha magetsi. M'mbali mwa injini muli flywheel, yomwe ndi gudumu lachitsulo lokhala ndi maginito, ndipo ikamazungulira, maginitowo amadutsa pafupi ndi makoyilo a waya wa kopa amene timawatcha stator. Koyilo imodzi imatumiza magetsi ku kabokosi kotchedwa CDI, komwe amasungidwa kwa kamphindi mu capacitor. Kakoyilo kena kakang'ono, ka pickup, ndi kamene kamadziwitsa CDI kuti pisitoni yatsala pang'ono kufika pamwamba, ndipo nthawi yomweyo CDI imakhuthulira magetsi onse mu koyilo ya moto, imene imawakweza kufika pa mavoti masauzande ambirimbiri, mpaka amalumpha kampata ka pulagi n'kuyatsa petulo wosakanikirana ndi mpweya. Pa njinga zambiri kampatako kamakhala ka mamilimita 0.6 kapena 0.7, ndipo kakakula kwambiri njinga imavuta kulira m'mawa.

Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti ma CDI alipo a mitundu iwiri. Ina imalandira magetsi kuchokera ku stator, moti njinga yake imalira ndi kiki ngakhale batire itatheratu, pomwe ina imadalira batire ya mavoti 12. Pooneka amafanana kwambiri, koma ukaika wa mtundu wolakwika moto subwera, ndipo nthawi zina kabokosi katsopanoko kamapsa. Batire nayo ili ndi mlonda wake, regulator, amene amawongola magetsi a stator ndi kuwaletsa kupitirira muyezo. Batire yodzaza imaonetsa pafupifupi mavoti 12.6, injini ikamalira imafika pakati pa 13.5 ndi 14.5, ndipo kamita kakadutsa 15 timadziwa chimene chikupsereza mababu.

Miyezi yoyambirira inali yowawa, chifukwa kasitomala akaona kuti sunamuikire chipangizo chatsopano amaganiza kuti sunagwire ntchito. Zinthu zinasintha tsiku lina m'nyengo ya dzinja, pamene bambo wina wa kabaza anafika akukankha njinga kuchokera ku Area 36, matope ali mpaka m'mawondo.

"Achimwene, CDI yapsanso. Iyi ndi yachiwiri mwezi uno," anatero bamboyo.

"Pepani bambo, khalani pabenchipo, tiyambe tayeza tisanagule kanthu," ndinawayankha.

Stator inali bwino, pickup inali bwino, koyilo ya moto nayonso inalibe vuto. Nditasolola waya wa switch yozimitsira injini pa CDI n'kuponda kiki, moto wabuluu unathetheka pa pulagi. Pa njinga zamtunduwu switch imazimitsa injini potaya magetsi a CDI ku chitsulo cha njinga, ndiye ndinatsata wayayo mpaka pakhosi pa mahandulo, pomwe ndinapeza kuti wasupuka chifukwa chokhulana ndi chitsulo pokhota. Kukauma njinga inkayenda, koma madzi amvula akalowa pamenepo magetsi ankathawira m'chitsulo ngati munthu wazimitsa dala. Ndinadula pamalo powonongekapo, n'kulumikiza, n'kukulunga bwino, kenaka ndinaudutsitsa wayayo pena pomwe sungakhulikenso.

Sabata isanathe, anzawo anayi a pasiteji pawo anali atabwera ndi njinga zawo, ndipo lero tili ndi anyamata awiri amene tikuwaphunzitsa, omwe saloledwa kumasula chipangizo chilichonse cha magetsi asanalembe m'buku zimene kamita kaonetsa. Ma CDI awiri a bambo aja tinawayesa pa njinga ina ndipo onse anali amoyo. Imodzi ikadali pa njinga yawo, inayo amayenda nayo pansi pa mpando, atayikulunga m'kajumbo.