Za ulendo wathu wa ku Queens ndi mapilokesi athu apinki ndi abuluu

Amayi anzanga amene simunapite nawo, amayi a mpando andiuza kuti ndilembe mmene tinayendera Loweruka lija, nde pepani ndilemba mmene ndimayankhulira basi, malipoti a mitumitu aja ine sindiwatha.

Tinanyamuka pa Zomba cham'ma 6 koloko tilipo 14 kuphatikizapo atelala athu, bambo mmodzi yekha pakati pa azimayi koma sanadandaule. Minibasi inaphulika tayala titangodutsa pa Namadzi, tinakhala pamsewu pafupifupi ola lathunthu akondakitala akusakasaka jeke, ena mpaka kuyamba kudya mbatata ya nkhomaliro. Pa Ginnery Corner tinafika 9 itakwana kale, anzathu a ku Ndirande akutidikira pageti la Queens, chipatala chija agogo athu amachitchula kuti Gulupu. Anzathuwa ndi amayi a mpingo wathu womwewu, akhala akuyendera ana odwala matenda okhalitsa kwa zaka ndithu, ife tinapita kukaona mmene amachitira kuti tiyambe zathu kuno. Tinanyamula mapilokesi 40, timabulangete tazigamba ndi zipewa zoluka, titazilongedza m'matumba awiri, zapinki za atsikana zabuluu za anyamata. Tinkadzionatu ngati madolo.

Tisanalowe anatikhazika kaye pansi panja pompo. Foni m'chikwama, palibe kujambula mwana wa eni n'kumuika pa Facebook. Kusamba m'manja ndi sopo. Kulowa anayianayi osati chigulu ngati tikupita ku chinkhoswe. Wachimfine kapena chifuwa asalowe, chifukwa mankhwala a khansa amagwetsa chitetezo cha m'thupi moti kachimfine komwe ife timangokapeputsa kangathe kumudwalitsa mwana koopsa, nde msungichuma wathu amene ankatsokomola kuyambira pa Thondwe anatsala panja n'kupita kukacheza ndi magadiyani komwe amaphikira. Lamulo lomaliza linali lakuti nkhope ya maliro isiyeni pageti, mukamva misozi tulukani mukalirire panja.

Kenako mtsogoleri wa anzathuwa, mayi wachikulire ndithu, anasegula matumba athu aja, anayang'ana umu n'kuyang'ana umu, kuseka, basi n'kukhuthulira zonse pachitenje chimodzi n'kusakaniza. Ine mtima unandiwawa eti, poti ndine ndinapinda usiku wonse. Iwo akuti amayi, mwana akagonekedwa miyezi palibe chomwe amasankha. Jakisoni sasankha, nthawi yodzuka sasankha, dzanja loika kanyula ya diripu sasankha, tsitsi likamathothoka palibe anamufunsa, ngakhale kumudzi dzina lake linatha amangoti wodwala uja ali bwanji. Nde inunso mwabwera mutamusankhira kale. Muyalireni zonse asankhe yekha, olo atenge nthawi yaitali bwanji musamufulumizitse.

Amene simunalowepo mu Queens dziwani kuti ndi mudzi wathunthu, chinatsegulidwa mu 1958 ndipo makonde ake ukhoza kusochera, tinadutsa pafupi ndi Mercy James, nyumba ya maopaleshoni a ana ija inatsegulidwa mu 2017. Ife gulu lathu linapita ku wodi ya ana a khansa yomwe anthu amangoti ku Sobo, ena anapita komwe kuli ana a matenda ena monga a mtima, shuga ndi sickle cell. Anesi anatifotokozera kuti khansa imene amaiona kawirikawiri mwa ana kuno ndi Burkitt lymphoma, ija imatupitsa nsagwada kapena mimba mwachangu kwambiri, dzinalo ndi la dokotala Denis Burkitt amene anaifotokoza ali ku Uganda mu 1958, ndipo imapezeka kwambiri m'madera a malungo ngati kwathu kuno. Imakula msanga koma imamvanso mankhwala msanga mwana akafika nthawi yabwino. Ine ndinaganiza za ana angati kumudzi amene tinkangoti ndi dzino kapena amulodza. Palinso ina ya impso, Wilms, imeneyo imafuna mankhwala ndi opaleshoni. Komanso pachipatala pomwepo pali a Umodzi amene ntchito yawo ndi kuchepetsa ululu ndi kusamalira ana amene matenda awo ndi aakulu, pamodzi ndi makolo awo.

Tsopano manyazi anga. Bedi loyamba panali mnyamata wa zaka mwina 9, tsaya likadali lotupa mbali imodzi, ine ndi kuiwala kwanga dzanja linangothamangira pilokesi yabuluu n'kumupatsa. Mwana anangotembenukira kukhoma. Amayi ake akuti musadandaule amayi, masiku ano sakuyankhula ndi munthu. Mnzathu wa ku Ndirande anangokhala pansi pafupi ndi bedi, kumutchula dzina lake (pano sindilemba), n'kumufunsa kuti kodi iwe timu yako ndi iti? Kachete pang'ono, kenako kamawu kapansipansi, "Maule." Abale inu, ine ndapatsa mwana wa Bullets nsalu ya mtundu wa Manoma! Wodi inaseka, amayi ake anaseka mpaka kugwira pakamwa. Yofiira tinalibe olo imodzi poti tinagula pinki ndi buluu basi, nde anafufuza yekha mpaka anapeza kabulangete kazigamba komwe kanali ndi kachigamba kofiira pakona, n'kukagwira osakasiya. Mwana amene sankayankhula uja anatisunga pabedi pake akutiuza za mpira, atelala athu ndi a Manoma nde anakangana zenizeni.

Panalinso mtsikana wa sitandade 7, tsitsi lonse linapita. Zipewa zathu zoluka anaziyang'ana n'kunena mwaulemu kuti zikomo anti koma zimayabwa komanso ndi za makanda. Zoonadi ulusi uja pamutu popanda tsitsi kunja kukutentha, sitinaganize. Anasankha pilokesi yabuluu, inde yabuluu ya anyamata ija, n'kufunsa ngati tingaisule kuti ikhale duku, anamanga yekha mfundo kumbali, ati kamangidwe ka amayi ake n'kachikale. Titamufunsa chimene akufuna tikamabweranso sanatchule chakudya, anati kope ndi buku la masamu chifukwa anzake kusukulu akumusiya. Apa nde ndinatuluka panja kaye monga mwa lamulo lija.

Kamwana kena ka ku Mangochi kankangotiyang'ana osayankha chilichonse mpaka mnzathu wa ku Malosa atakayankhula Chiyao, pompo kanadzuka n'kukhala tsonga. Tizikumbukira zimenezi posankha opita, tisamangoti bola Chichewa.

Chimene atelala athu anaphunzirako ndi kasokedwe ka malaya. Mwana akakhala pa diripu kuvula kapena kuvala malaya ndi nkhondo, nde ambiri amangokhala chifuwa pamtunda kapena kufunda chitenje cha amayi awo tsiku lonse, ndipo kwa mtsikana wamkulu ngati uja ndi zamanyazi. Anzathuwa amasoka malaya otsegula paphewa mpaka kumkono, otseka ndi timabatani tongodina kapena tizingwe, moti umamuveka osakhudza chingwe cha diripu. Zipi ayi imakanda, nsalu ikhale yathonje ndipo muichape kaye ichoke kuuma kuja, komanso aike kathumba kutsogolo poti mwana amafuna posungira tinthu take. Atelala anajambula patani pakatoni ya sopo pompo, akuti chitenje chimodzi chikhoza kutulutsa awiri a ana aang'ono. Anzathuwa amayamba afunsa mwana mtundu ndi maluwa amene akufuna, kumuyeza, n'kudzabweretsa sabata yotsatira dzina lake litapetedwa m'kati mwa kolala.

Pobwerera mu minibasi munali mkangano, ndiulembe kuti musadzamve kumbali. Msungichuma, amene anatha tsiku lonse ndi magadiyani, akuti ife tikutaya nthawi ndi maluwa a nsalu pomwe azimayi aja nkhawa yawo ndi sopo, nkhuni, ana ena amene anawasiya kumudzi ndi munda wosalima, makamaka thiransipoti yobwerera tsiku la mankhwala likakwana, poti mwana akadukiza mankhwala matenda amabwerera ndi mphamvu. Ena ndi ochokera kutali zedi, mpaka kutsidya ku Mozambique. Sakunama ndipo ine sindingatsutse, ndalama ya m'thumba lathu iyambe yapita kumeneko. Koma ndinawauza kuti zigamba sitigula, zangodzadza pansi pa makina a atelala, ndipo kufunsa mwana kuti ukufuna iti sikudya olo tambala. Iwo sanamuone mnyamata uja akutembenuka kuchoka kukhoma, ine ndinamuona. Sitinagwirizane kwenikweni, tinafika pa Zomba kukuda tikadali pankhani yomweyo.

Amayi a mpando akuti alemba kalata yopempha chilolezo ku wodi ya ana ya chipatala chachikulu cha kuno ku Zomba, tisangotulukira ndi matumba osauza eni ake. Lachinayi tikumane 2 koloko monga mwa nthawi zonse, bwerani ndi zigamba zamitundu yonse zochapa kale, makope ndi mapensulo. Amene mwana wake anamaliza sitandade 7 ndipo buku la masamu likungokhala atibwereke. Ndipo amene ali ndi nsalu yofiira olo mita imodzi andipatse msanga, anzathu a ku Ndirande akupitanso Loweruka likubwerali ndipo atelala, ngakhale ndi a Manoma, avomera kusoka.