Khutu Lotseka la Bambo wa Lolemba

Lolemba m'mawa m'chipinda changa choonera odwala munalowa bambo wina amene aka n'kachitatu chaka chino kubwera ndi khutu lakumanja lotupa. Nditangolikoka pang'ono, anachita kunyamuka pampando chifukwa cha ululu. Zikatero timadziwa kuti vuto lili m'ngalande ya khutu. Nditaunikamo ndinapeza khungu lofiira, lokandikakandika, phula mulibe ngakhale pang'ono.

"Adokotala, ine ndimatsuka tsiku lililonse," anatero. "Mumamveka ngati mwadzaza madzi, ndiye ndimapisamo kamtengo ka thonje."

Pamenepo m'pamene panagona nkhani. Kuseri kwa mwinikhutu kuli kachipinda ka mpweya, kamene kamapumira pa kanjira kotchedwa Eustachian tube kotulukira kuseri kwa mphuno. Kanjirako kamatseguka tikameza malovu kapena kuyasamula. Kakatupa ndi chimfine, mpweya umachepa m'kachipindamo, mwinikhutu n'kukokekera mkati, munthu n'kumamva ngati khutu latseka. Thonje silingafike kumeneko. Limangopalapo phula, pamene phulalo, pokhala la asidi pang'ono, ndi limene limatchinga mabakiteriya okonda chinyezi ngati Pseudomonas aeruginosa. Ngalande yonse ndi masentimita pafupifupi 2.5 basi, ndipo khungu lake la chakumkati n'lopyapyala kwambiri. Ndinayeretsamo, ndinawapatsa mankhwala odontheza, n'kuwapempha kuti m'khutumo musalowe madzi kapena chinthu chilichonse.

Lachiwiri linatha ndi ana a chimfine. Kanjira kawo ka Eustachian tube n'kakafupi komanso kogona, n'chifukwa chake madzi sachedwa kuunjikana kuseri kwa mwinikhutu.

Amene anandisowetsa tulo ndi agogo a Lachitatu, odwala shuga, omwe khutu linkatuluka mafinya kwa milungu ingapo, ululu n'kumakula usiku. Kwa munthu wa shuga matenda a m'ngalande amatha kulowerera mpaka ku fupa la chigaza. Ndinawatumiza kwa akatswiri tsiku lomwelo, ndipo zimandiwawa kuti nthawi yonseyo ankangopatsidwa mankhwala opha ululu.

Lachisanu bambo aja anabweranso, kutupa kutaphwera. Tsopano mwinikhutu ankaoneka, wosabooka koma wokokekera mkati, ndipo makina a tympanometer, oyezera mpweya wa kuseri kwa mwinikhutu, anatsimikiza kuti mpweyawo ndi wochepa. Nditafunsa za mphuno, anati imatseka pafupifupi chaka chonse, koma palibe amene anawafunsapo. Ndinawalembera mankhwala opopera m'mphuno, n'kuwaonetsa kutsina mphuno ndi kumeza malovu kuti kanjira kaja katseguke. Atayesa kachiwiri anatukula maso.

"Mwalira kuti thu, adokotala."