Maselo akamasuka pa ulimbo wawo

Madzulo ano mu labu ndinayang'ana pa maikulosikopu mbale ya maselo a khungu imene tinaikanda dzulo ndi kansonga ka pipette (kachubu kotungira timadzi) kuti pakhale ngati chilonda, ndipo ndinapeza kuti mpata umene tinasiya pakati watsala pang'ono kutsekeka, chifukwa maselo a mbali zonse ziwiri anachezera kukwawa usiku wonse kuti akakumane.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti maselowa asananyamuke amayamba amasula pang'ono zimene zimawamanga kwa anzawo. Puloteni yotchedwa E-cadherin ndiyo imawagwiranitsa ngati ulimbo, ndipo popanda calcium siigwira. Enzyme yotchedwa ADAM10, puloteni ina imene imagwira ntchito ngati lumo, ikadula mbali ya puloteniyi imene ili kunja kwa selo, chidutswa cha 80 kDa (muyeso wa kulemera kwa mapuloteni) chimathothoka, kugwirana kumachepa, ndipo puloteni ya beta-catenin imene inali yomangika ku E-cadherin mkati mwa selo imamasuka n'kupita kukadzutsa majini othandiza maselo kuchulukana.

Komabe ndabwera kunyumba mtima uli m'mwamba, pakuti kudula komweku, kumene kumathandiza chilonda kupola, kumathandizanso maselo a khansa kuchoka pa chotupa n'kukamera kwina, moti chidutswa chija chimapezeka chochuluka m'magazi a odwala khansa ena.