Kuzonda elk ku Flat Tops nyengo ya uta isanatsegulidwe

Ku Colorado, chigawo china cha America, nyengo yosaka elk (nyama yaikulu yam'tchire ya mtundu wa gwape) ndi uta imayamba pa 2 Seputembala n'kutha pa 30, koma alenje odziwa ntchito amalowa m'mapiri mu Ogasiti, uta atausiya kunyumba. Bambo wina wachikulire amene ndimagwira nawo ntchito ku Denver akhala akusaka nyamazi kuyambira ali mnyamata, ndipo anandipempha kuti ndiwaperekeze kokazonda.

Tinadzera msewu wa I-70 mpaka ku Rifle, n'kukhotera kumpoto kulowera ku Meeker, kenako kutsata mtsinje wa White River mpaka kufupi ndi nyanja ya Trappers Lake. Galimoto imathera pomwepo. M'dera la Flat Tops Wilderness lamulo sililola injini, ngakhale njinga yakapalasa. Umayenda wapansi kapena pa hatchi. Pamwamba pa mapiriwa m'patali kuposa nsonga ya Sapitwa, ndipo chifuwa chimakuuza chokha usanaone n'komwe pa mapu.

M'mawa woyamba tinakhala pa mtunda ndi ma binoculars, magalasi oonera patali, ndipo kutsidya kwa chigwa tinaona zamphongo zingapo zikudya, nyanga zili ngati nthambi za mtengo wouma. Ine mtima unali kale m'mwamba. Mkuluyo anangoziyang'ana pang'ono n'kutembenukira kwina. Anandifotokozera kuti m'chilimwe zamphongo zimakhala pazokha kumtunda kozizira, koma nthawi yokwerana ikafika mu Seputembala gululo limabalalika, iliyonse n'kupita kumene kuli zazikazi. Malo amene wazipeza mu Ogasiti akhoza kukhala opanda ngakhale phazi limodzi tsiku lotsegulira. Ndiye munthu wanzeru amafufuza kumene zazikazi ndi ana awo zikudya, chifukwa zamphongo zidzabwera zokha.

Apa m'pamene ndinamvetsa kuti kuzonda kwenikweni ndi kuwerenga pansi ndi pa mitengo. Tinatsikira m'nkhalango ya spruce ya mbali ya phiri yoyang'ana kumpoto, kumene dzuwa silifika bwino. Elk ili ndi chikopa chochindikala ndipo kutentha imadana nako, choncho masana imagona m'malo otere, makamaka pa kamalo kosalala pakati pa chitsetse. Tinapeza udzu wophwanyika pomwe zinagona, fungo lake lamphamvu ngati la m'khola. Ndowe tinazitosa ndi ndodo: zofewa, zomatirirana, ndiye kuti ndi za nyengo ino ya msipu wauwisi. Zouma zangati timibulu n'za miyezi yozizira, ndipo kwa mlenje wa Seputembala zilibe phindu. Chimodzimodzi zipsera zakuda pa makungwa a mitengo ya aspen. Zimenezo nyamazi zimaluma pamene chipale chakwirira udzu.

Chimene mkuluyo ankafuna kwambiri ndi timitengo tokwechedwa. Chakumapeto kwa Ogasiti yamphongo imayamba kukwecha nyanga pa timitengo kuti ichotse kachikopa kaubweya kamene kamakuta nyanga zikamakula, ndipo imapitiriza kumenya timitengoto nthawi yonse yokwerana. Kamtengo kamodzi si nkhani. Koma mukapeza tambiri pamalo amodzi, tina tatsopano, tina touma ta zaka zam'mbuyo, mwadziwa kuti chaka ndi chaka mkangano wa zamphongo umachitikira pomwepo. Pafupi ndi pamenepo panali kasupe ndi dzenje la matope, mmene yamphongo imakodzamo n'kugubudukamo kuti inunkhe. Madzi ake anali oyera mbee, kusonyeza kuti sizinayambe kulowamo. Tinaika chizindikiro pa onX, pulogalamu ya mapu ya pafoni imene imaonetsanso malire a malo a boma ndi a anthu, popeza kuno kuwoloka mpanda wa mwini popanda chilolezo ndi mlandu.

Nkhani ya mphepo inanditengera nthawi. Mlenje wa uta amayenera kuyandikira mpaka mamita 30 kapena 40, pomwe mphuno ya elk imamva munthu ali kutali. M'mapiri mpweya uli ndi ndondomeko yake: usiku ndi m'mamawa wozizira umatsika ndi chitsetse, dzuwa likatentha umatembenuka n'kuyamba kukwera. Nyamazi zimadya m'madambo usiku, m'bandakucha n'kumakwera kukagona, mpweya ukuziwomba kumaso. Mlenje akakhala pamwamba pawo nthawi imeneyo, fungo lake limatsikira kwa izo, basi tsiku latha. Mkuluyo amayenda ndi kabotolo ka ufa woyera, amafinya pang'ono n'kuona kumene ukulowera. Pa dzenje lija anafinya kangapo pa maola osiyana asanasankhe mtengo umene adzabisalepo.

Kuzungulira Trappers Lake kudakali mitengo yakufa yotsala pa moto wa Big Fish wa mu 2002. Poyang'ana pamaoneka pachisoni, koma pansi pake msipu ndi wochuluka chifukwa dzuwa limafika, ndipo mapazi tinawapeza ambiri m'mphepete mwake, pomwe malo opsa akumana ndi nkhalango yamoyo.

Chinthu chomaliza kuwerengera ndi anthu. Colorado ili ndi elk zambiri kuposa chigawo china chilichonse cha America, choncho alenje nawonso amakhamukirako, ndipo pakati pa Seputembala a mfuti za muzzleloader, zachikale zothira onga ndi chipolopolo kukamwa kwake, amalowanso m'tchire lomwelo. Nyamazi zikamva phokoso zimathawira m'zigwa zoipa, za mitengo yakugwa, kutali ndi njira. Tinathera madzulo ena tikukwawa m'chigwa chotero, mvula ya mabingu ikutithamangitsa, chifukwa mkuluyo amafuna malo achiwiri ndi achitatu, osati amodzi. Ine ndinafunsa zoti akaipha kumeneko aitulutsa bwanji, poti yamphongo imaposa makilogalamu 300 ndipo lamulo sililola kusiya nyama yodyedwa kutchire. Anandiyang'ana paphewa n'kundifunsa ngati ndili ndi tchuthi mu Seputembala.